Dzina loti Chisomo: kumene lidachokera ndi chomwe lafalira chonchi

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Salima, chakunyanja, ndipo chaka chilichonse ndikatsegula kaundula wa kalasi yatsopano pali dzina limodzi lomwe silisowa. Ndikaitana kuti "Chisomo!" amavomera awiri, mwina atatu, mpaka ndionjezepo dzina la bambo kuti adziwe amene ndikunena. Ambiri mwa iwo ndi atsikana. Koma kukhala pamkeka ndi agogo a ana omwewa, amayi obadwa dziko lino lisadalandire ufulu, wotchedwa Chisomo ndi wochita kusakasaka. Iwo ndi a Nabanda, a Naphiri, a Esinati, a Dolika, a Patuma. Pakati pa gogo ndi mdzukulu pangodutsa mbadwo umodzi, koma dzinali ladzaza mudzi ngati lidalipo kuyambira makedzana.

Liwu loti chisomo lili m'gulu limodzi ndi chikondi, chifundo, chimwemwe ndi chikhulupiriro, zinthu zosagwirika ndi manja zoyamba ndi chi-. Ena mwa mawuwa muzu wake uli poyera: chikondi chichokera ku kukonda, chikhulupiriro ku kukhulupirira. Chisomo chimaima pachokha ngati chifundo. Kuno kunyanja, kumene ana ambiri amapita ku madrasa masana, ndidamvapo wina akuti dzinali lichokera ku kusoma. Ayi. Kusoma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza kuwerenga, ndipo kufanana kwake ndi kwa m'makutu chabe.

Tanthauzo lake lili pawiri, la kumudzi ndi la paguwa, ndipo ambiri lero amangodziwa la paguwa. La kumudzi limveka bwino ndi chitsanzo. Amayi awiri ayala usipa pamalo amodzi ku Senga Bay. Usipa ndi wa ngalawa imodzi, milu ndi yofanana, mtengo ndi umodzi. Koma ogula akungothamangira kwa mmodzi, ndipo dzuwa lisadafike pamutu wakutumula kale thumba lake. Anzake amati, "Ameneyu ali ndi chisomo." Sakunena kuti ndi wokongola, sakunenanso kuti amaposa onse nsangala. Akunena kanthu kena kamene kamachititsa anthu kungomukonda, iye osavutikira. Khanda lomwe aliyense amafuna kulinyamula, ngakhale mlendo wongodutsa, limanenedwa chimodzimodzi. Chisomo cha mtundu uwu sachigula pamsika ndipo palibe amachiphunzira. Munthu amangopezeka ali nacho.

Amishoni atayamba kumasulira Malemba m'chinenero chathu adalipeza liwuli lili kale pakamwa pa anthu, ndipo adalisankha kuti liimire liwu la Chigiriki loti charis. Ndimaona kuti adasankha mwanzeru, chifukwa nalonso liwu la Chigirikilo lili ndi mbali ziwiri zomwezi: kukoma kwa munthu kumene kumakopa anzake, ndi kukomera mtima kumene wamkulu amachitira wamng'ono popanda malipiro. Pamene Luka akunena kuti Yesu adakula m'nzeru, mumsinkhu ndi m'chisomo pamaso pa Mulungu ndi pa anthu, tanthauzo la kumudzi lija likumvekabe. Pamene Paulo akuuza Aefeso kuti adapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito zawo, tafika paguwa.

Ntchito yomasulirayi sidachitikire kutali ndi ife. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889, pamapiri omwe timadutsa pochokera ku Salima kupita ku Lilongwe, ndipo William Murray wa mishoni yomweyo ndiye adatsogolera gulu lomwe lidamasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka mu 1922. Kuyambira pamenepo liwu loti chisomo lakhala likumveka Lamulungu lililonse. Ndipo pali vesi limodzi lomwe ndikhulupirira kuti lidachita zambiri kuposa ena onse, lomaliza m'kalata yachiwiri ya kwa Akorinto, lomwe amatsekera nalo mapemphero: chisomo cha Ambuye Yesu Khristu, chikondi cha Mulungu, ndi chiyanjano cha Mzimu Woyera. Ku CCAP, ku chigwirizano cha amayi, pamaliro, ngakhale pa asembule ya kusukulu, wotsogolera amangoti "tinene chisomo" ndipo onse amayamba pamodzi osayang'ana m'buku. Taonani mawu atatu ali m'menemo: Chisomo, Chikondi, Chiyanjano. Onse atatu lero ndi mayina a ana, ndipo ndidaphunzitsapo ana a bere limodzi otchedwa motsatana chomwecho, monga momwe vesilo likuyendera.

Akatolika adatenga njira ina. Ansembe omwe adafika ku Mua mu 1902, kumwera kwa Salima, ndi anzawo a m'mishoni zina adagwiritsa ntchito liwu loti chaulere, ndipo mpaka lero pa korona timamva "Tikuoneni Maria, wa chaulere chodzadza." Liwuli limalunjika pamfundo yoti mphatsoyo salipira. Koma silikhala bwino ngati dzina la munthu, chifukwa chaulere ndi chinthunso chongotola, chopanda mtengo. Mabanja a Chikatolika omwe ankafuna tanthauzoli ankatcha Grace kapena Gracia, mnyamata Grasiyano, ndipo masiku ano nawonso amatcha Chisomo osaona chovuta.

Dzinali lili ndi abale m'zinenero zina, ndipo ena mwa iwo takhala nawo nthawi yaitali osawazindikira. Grace ndi la Chingerezi, lochokera ku liwu la Chilatini loti gratia. Hana, mayi wa Samueli amene adalira zaka zambiri wopanda mwana, dzina lake m'Chihebri lichokera ku liwu lotanthauza chisomo, ndipo Ana, Anna ndi Anne ndi dzina lomwelo litadutsa m'milomo ya mitundu ina. Choncho chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican ku Nkhotakota, kumene kwabadwira ana ambiri a m'bomalo, chimadziwika ndi dzina lomwe muzu wake ndi chisomo. Yohane atanthauza kuti Yehova wachita chisomo, ndipo Joana, Jane ndi Janet ndi nthambi zake. Aswahili amati Neema. Mukangodutsa Dwangwa n'kuyandikira Dwambazi mumayamba kumva Wezi, ndipo kwa Atumbuka kulinso Uchizi. Gogo wotchedwa Ana ndi mdzukulu wake Chisomo ndi anthu a dzina limodzi, ngakhale onse awiri sadziwa.

Funso lovuta ndi ili: ngati liwuli lidali kale m'Baibulo la 1922, bwanji agogo athu obadwa m'ma 1940 ndi 1950 sadapatsidwe dzinali?

Yankho loyamba lili pa ubatizo. Nthawi imeneyo munthu akalowa kalasi n'kubatizidwa ankatenga dzina latsopano, ndipo dzina "lachikhristu" linkatanthauza la munthu wa m'Baibulo, la woyera mtima, kapena la Chizungu. Dzina la Chichewa linkaoneka ngati la moyo wakale womwe munthu akuusiya. Ndiwo magwero a Esinati, Lute, Estere, Dolika ndi Agnesi. Kwa Asilamu zinthu zidayenda mofananako. Chisilamu chidafika ku Nkhotakota ndi Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, ndipo ku Salima chidakhazikika kwambiri ndi mafumu a Chiyao. Mwana amatchedwa dzina pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo mayina ake ndi a Chiarabu omwe lilime lathu lidawasula: Patuma, Asiyatu, Mariamu, Hawa, Zainabu. Mbali zonse ziwiri, dzina lopembedzera linkachokera kunja.

Yankho lachiwiri ndi lomwe limandikhudza mtima, ndipo lili pa ntchito yomwe dzina la Chichewa linkagwira. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa. Potuluka m'chikuta m'pamene ankametedwa n'kupatsidwa dzina, ndipo wotcha sankakhala mayi kapena bambo wake nthawi zambiri. Ankakhala gogo, malume, azakhali, kapena wina wolemekezeka pabanjapo, yemwe ankaperekanso kamphatso. Munthu wotere ankatcha dzina ali ndi mawu kukhosi. Dzina linali ngati nyimbo ya pamtondo: njira yonenera zomwe sungathe kunena pamaso. Mwandida ankauza apongozi kapena mkazi mnzake. Lekeleni ankauza amiseche. Mwatitha ndi Nyamazawo ankaloza amene akuganiziridwa kuti akudya ana a pakhomopo. Zione, Ndaziona, Misozi, Mavuto ndi Maliro ankasunga mbiri ya zomwe banjalo lidadutsamo. Mayi yemwe waika ana atatu motsatana sankayerekeza kupatsa wachinayi dzina lokoma, poopa kuti amuonetsera kwa imfa ndi kwa anthu oipa mtima. Ankamutcha Manda kapena Tayani kuti aoneke wopanda pake, mwina imfa n'kumusiya.

Amene amanyoza mayina amenewa kuti ndi otembererana sadziwa chomwe adabadwira. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asadakwanitse zaka 5. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi aliwonse. Kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2015 mpaka 2016 adapeza 63. Makolo omwe akuyembekeza kuti mwana wawo akula amalimba mtima kumutcha dzina lowala. Makolo a kale aja chiyembekezo chotere adalibe, ndipo mayina awo ankanena zoona.

Chitsanzo chomwe aliyense amachidziwa ndi cha mtsogoleri woyamba wa dziko lino, wobadwira ku Kasungu, boma lochita malire ndi Nkhotakota. Kamuzu ndi muzu waung'ono, ndipo mbiri yake imati adatchedwa choncho chifukwa mayi ake adamwa mankhwala a mizu kuti aime. Hastings adalitenga kwa mmishonale. Mayina awiriwa akusonyeza dongosolo lonse la nthawi imeneyo: la Chichewa likufotokoza momwe mwana adabwerera, la Chizungu ndi la kutchalitchi ndi kusukulu. Mayi wa lero amene wadikira zaka zisanu ndi ziwiri, wapita kuchipatala, kwa asing'anga ndi kumapiri kokapemphera, kenaka n'kuima, mwana wake sadzakhala Kamuzu. Adzakhala Chisomo, ndipo dzina limodzilo likugwira ntchito ziwiri zija nthawi imodzi. Likufotokoza momwe mwana adabwerera, komanso abusa amalilandira pa ubatizo osafunsa lina.

Apa m'pamene pagona mfundo yanga. Anthu amati tidasiya mayina a chisoni n'kuyamba a chimwemwe. Ine ndikuona kuti chisonicho sichidachoke m'dzina, chomwe chidasintha ndi amene akuuzidwa. Mwatitha ankayankhula ndi anthu a pamudzi. Chisomo akuyankhula ndi Mulungu. Koma mukamufunsa mayi aliyense chifukwa chomwe adatchera mwana wake Chisomo, kawirikawiri amayamba wapumira m'mwamba. Wina adapita padera kawiri. Wina adakhala milungu itatu ku chidikiro, kenaka n'kuchira ndi opaleshoni magazi atatayika ambiri. Wina mwamuna adamukana ali ndi pakati. Wina mwana adabadwa wosakwana masiku, n'kumulera pachifuwa miyezi iwiri. Mchemwali wanga ali m'gulu limeneli: adachoka kumudzi usiku m'nyengo ya mvula, msewu utaduka, pa njinga ya kabaza, ndipo atachira sadadikire kuti wina amutchere mwana. Dzina loti Chisomo ndi Ndaziona wonenedwa ndi munthu amene wapulumuka.

N'chifukwa chake sindidabwa kuti dzinali lidayamba kuchuluka nthawi yomwe dziko linali m'maliro. Edzi idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo m'ma 1990 idasesa makolo a ana aang'ono m'midzi ya asodzi ndi m'matauni momwe. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, patangopita zaka ziwiri chichitikire njala ya 2002. Mayi yemwe ali ndi kachilombo akabereka mwana, n'kumuyezetsa, n'kumva kuti alibe, liwu loyamba kutuluka pakamwa pake ndi lomweli. Ana ambiri omwe adabadwa m'zaka zimenezo adasenza umboni wa makolo awo pa dzina.

Pali zina zomwe zidakonza njira. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, n'kumamveka pa wailesi ndi m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndipo pang'onopang'ono anthu ophunzira adasiya kuchita manyazi ndi mayina a kwawo. Mipingo idayamba kutsogoleredwa ndi abusa ndi ansembe a konkuno, omwe sadaone chifukwa chokanira Madalitso kapena Yamikani pa ubatizo. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, mipingo ya chipentekoste ndi mafeloshipu zidamera paliponse, m'makalasi a sukulu ndi m'mashedi a udzu, ndipo chiphunzitso chawo chidatsindika kuti dzina lili ndi mphamvu pa moyo wa munthu. Akuluakulu ena adasintha mayina awo, Mavuto n'kukhala Madalitso. Chisomo adakwera pamodzi ndi Mphatso, Tadala, Takondwa, Thokozani, Tamandani ndi Mwayi. Liwuli lidatulukanso m'tchalitchi n'kukalembedwa pa maminibasi a pamsewu wa M5, pa magolosale, pa zigayo ndi pa maboti a ku Chipoka ndi ku Chia.

Kufala kotereku kuli ndi mtengo wake, ndipo ine kumandidetsa nkhawa pang'ono. Masiku ano wina akapeza ntchito, akawoloka bwino kupita ku Joni, ngakhale akapambana pa juga ya mpira, amati chisomo chamupeza. Liwuli layamba kulowa m'malo mwa mwayi. Koma ziwirizi n'zosiyana. Mwayi ulibe mwini, umangogwa ngati bango la m'madzi lafika pagombe. Chisomo chili ndi wopereka, ndipo wolandira amadziwa kuti sadachigwirire ntchito, choncho sangadzitame nacho kapena kunyoza amene sadalandire. Ndikamawauza ana a m'kalasi mwanga tanthauzo la mayina awo, apa m'pamene ndimachedwapo.

Kodi ndi dzina la atsikana? Mayina a Chichewa ochokera ku mawu wamba sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo anyamata otchedwa Chisomo alipo ambiri, monganso Chikondi ndi Mphatso. Komabe m'makaundula omwe ndagwirapo limapendekera kwa atsikana, ndipo ndikuganiza kuti Grace ndiye amalikokera kumeneko. Popeza Grace ndi la akazi, makolo ambiri amamva Chisomo ngati mnzake wa Chichewa, mwinanso kupatsa mwana onse awiri, lina la kusukulu lina la pakhomo. Tanthauzo la kumudzi lija, la munthu wokondedwa ndi aliyense, nalonso anthu amakonda kulifunira mwana wamkazi. Okonda mpira wa amayi amamudziwa Chisomo Kazisonga, yemwe wasewerera timu ya dziko lino. Pakhomo ndi pabwalo la masewero dzinali limafupikitsidwa kukhala Chiso.

Ubwino wina womwe dzinali lili nawo kuno kwathu ndi woti silitseka chitseko cha chipembedzo chilichonse. Ku Salima ndi ku Nkhotakota mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, ndipo maukwati a Msilamu ndi Mkhristu si achilendo. Mariamu kapena Estere amanena msanga mbali yomwe mwana wagwera. Chisomo, ngakhale lidakulira m'tchalitchi, ndi liwu la Chichewa lomwe Msilamu amaligwiritsanso ntchito pothokoza Mulungu. Ndaona ana omwe shehe adawatcha dzina la Chiarabu koma kusukulu ndi kumadzi amadziwika kuti Chisomo, mabanja a mbali zonse ziwiri osadandaula.

Tikumbukenso kuti dzina la mwana woyamba silikhala lake yekha. Mayi amasanduka make Chisomo, bambo n'kukhala bambo a Chisomo, ndipo mayina awo enieni amatsala m'ziphaso basi. Wotcha mwana wachisamba amakhala akutcha nyumba yonse. Mayi yemwe kale akadaitanidwa make Mavuto moyo wake wonse, pachitsime ndi pamsonkhano, lero amasankha yekha chomwe akufuna kumamva m'mawa uliwonse, ndipo kusankha kumeneku kwachoka m'manja mwa agogo ndi amalume kupita kwa makolo enieni. Ana ambiri tsopano amabadwira kuchipatala, kumene dzina limafunika msanga pa kabuku ka kusikelo ndi pa kalata ya kubadwa, makamaka chiyambire kugwira ntchito lamulo la kalembera mu 2015. Dzina limakhala litasankhidwa mchombo usadagwe, gogo asadafike n'komwe. Kale mtsikana akatha msinkhu n'kuvinidwa, dzina la paubwana linkasiyidwa, ndipo kumuitana nalo kunali chipongwe; ankakhala Nabanda kapena Naphiri. Lero dzina lolembedwa pa chiphaso cha unzika limamutsata munthu mpaka kumanda, choncho tidzakhala ndi agogo otchedwa Chisomo, chinthu chomwe midzi yathu sidachizolowere.

M'makalasi a ana aang'ono zinthu zayambanso kusintha. Chisomo akadalipo, koma pambali pake pakuchuluka Favour, Praise, Miracle, Precious ndi Shekinah, mayina obwera ndi maulaliki a pa wailesi ya kanema ndi pa foni, ambiri ochokera ku Nigeria ndi ku South Africa. Agogo amavutika kuwatchula, Favour amasanduka Feva. Atsikana omwe adabadwa m'ma 1990 ndiwo amayi tsopano, ndipo sabata yatha ku sikelo ya pafupi ndi sukulu yathu ndidamva mlangizi wa zaumoyo akuitana kabuku: mayi Chisomo, mwana Favour. Mayiyo adaimirira, n'kumasula mwana kumsana, n'kumukoleka pa sikelo.